Pemiti Yanga ya ku Francistown

Ana inu, tsitsani wailesiyo. Iwe Mwaka, kuyambira m'mawa ndakumva ukung'ung'udza kuti anthu a kunja aja sanakuyankhebe za pemiti yako, pomwe mapepala ake unatumiza pafoni uli chigonere pampando wanga, miyendo ili m'mwamba ngati nkhuku yootcha. Ukuti wavutika. Chavutika ndi chala chimodzi cha kumanja. Khalani pansi nonse ndikuuzeni mmene pemiti inkafunidwira anthu asanayambe ulesi, ndipo musandidule mawu ndi Chinyanja chanu cha m'tauni chija chopanda mutu ndi mchira.

Ine ndinabwera kuno ku Livingstone ndili kamtsikana, kuchokera ku Katete. Atate anapeza ntchito ya njanji, ndiye anatiitanitsa. Tinayenda pa lole mpaka ku Lusaka, kenako sitima ya malasha, ija inkakulavulira mwaye m'maso ukasuzumira pawindo. Tsiku la ufulu ndinalipo, kambendera kapepala kali m'manja, mchenga ukuotcha mapazi chifukwa nsapato ndinalibe. Akuluakulu a pansanja anatiuza kuti kuyambira tsiku limenelo palibe mwana wa dziko lino amene adzapitenso kutsidya la mtsinje kukapempha ntchito kwa eni ake. Tinaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa. Amene ananena mawuwo sindinawaonepo ataonda.

Masiku amenewo tauni ino inali ya mafakitale, osati ya alendo oyenda ndi makabudula ndi mabotolo a madzi ngati lero. Kunali kosoka zovala, koluka mabulangete, kocheka matabwa, ngakhale kolumikiza magalimoto. Ine ndinalowa kosoka zovala. Ndinayamba ndi kusokerera mabatani, kenako makolala, mpaka anandiika patebulo lodulira. Inu mumaganiza kuti kudula nsalu ndi kungotola sizasi. Nsalu tinkaiyala ina pamwamba pa inzake mpaka mulu wake kufika chikhato, ndiye uikepo mapatani a katoni, uwapanikize bwinobwino kuti pasatayike ngakhale kansanza kopukutira mphuno, ulembe ndi choko, kenako udule. Ukaphonya kamodzi waononga malaya a sukulu yonse. Sizasi yanga inali ya chitsulo chakuda, yolemera ngati kankhwangwa, ndipo ndi imene inapinda chala ichi chimene mumandiseka nacho.

Ambuye anu aamuna, a Tembo, Mulungu awasunge kumene ali, anali kalaliki ku fakitale ya magalimoto ija. Inu munawadziwa atakalamba, atafatsa. Ine ndinawadziwa ali ndi tayi. Kutentha kwa Okutobala, agalu atatulutsa malilime pansi pa mitengo ya mango, iwo tayi ali pakhosi, zolembera zili ndandanda m'thumba la malaya, zambiri mwa izo zosalemba. Analinso mlembi wa nthambi ya chipani kwathu ku Dambwa. Chipani chinali chimodzi chokha nthawi imeneyo, ndipo pa chisankho unkasankha pakati pa munthu ndi chithunzi cha chule choimira ayi. Sindinamvepo kuti chule wapambana, ngakhale ndikudziwa amayi angapo a ku Maramba amene ankamukonda chuleyo chamumtima. Khadi la chipani linali ngati mpweya. Popanda ilo mumsika sulowa, basi sukwera, ndiye mungaone nokha mmene mlembi wa nthambi ankayendera mumsewu.

Kenako zinthu zinayamba kufota. Fakitale ya a Tembo inawachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri. Yathu inasowa nsalu, tinkangopita kukasesa ndi kukhala pa mabenchi kuyang'anana. M'masitolo munali pululu, kupatula polishi wa nsapato ndi mapepala a kuchimbudzi, ngati kuti munthu wosadya angawafune. Sopo, shuga, mafuta ophikira amene inu mumati saladi, zonsezi zinasanduka nkhani zakale. Ufa tinkauimira pamzere kuyambira mbandakucha, ndipo nthawi zina unali wachikasu, wa chimanga chochokera kunja chimene ankati kwawoko amadyetsa ng'ombe. Tinali ndi ana anayi. Woyamba anali Esnati, wotsiriza anali Tiyanjane, amayi ako iwe Mwaka, atangosiya kuyamwa kumene.

Pa Khirisimasi ina kunabwera Namakau, mnzanga wa Chilozi amene tinkasoka naye limodzi. Iye anali atapita ku Francistown, ku Botswana, chaka cham'mbuyo mwake. Anachoka kuno mafupa a pakhosi akuonekera, anabwera masaya akuwala, akununkhira sopo. Anandiuza kuti bwana wake wapeza ntchito yaikulu yosoka mayunifolomu, osoka ali nawo koma wodula alibe, ndipo dzina langa anali atamutchulira kale. Anandifotokozeranso mmene zimayendera. Bwana ndiye amakupemphera pemiti ku boma la kumeneko, atasonyeza kuti wasowa mwini dziko wodziwa ntchitoyo. Iwe mbali yako upeze pasipoti, zithunzi, umboni wa dokotala, wa apolisi ndi wa kumene unkagwira ntchito.

A Tembo anali pakhonde, nyuzipepala yakale ili kumaso, makutu ali kwa ife. Namakau atachoka anaipinda n'kunena kuti nkhaniyo ndi yabwino, yangolakwika pamodzi: wopita ndi iwo. Ngati Botswana ikusowa wodula nsalu, ndiye kuti makalaliki ikuwasowa koposa. Ndinawakumbutsa kuti pamafunika bwana woyamba wakuitana. Anandiyang'ana mondimvera chisoni, n'kunena kuti zimenezo ndi za anthu wamba, munthu wodziwika m'chipani amangofika.

Dambwa yense anamva za ulendowo. Anayenda nyumba ndi nyumba kutsanzika, uyu kumulonjeza wotchi, uyu njinga. Tinapha tambala wathu womaliza, anansi anadya, abusa anapemphera. Ananyamuka m'mawa atavala suti, sutikesi yobwereka ili m'manja, kalata ya chipani yonena kuti ndi membala wokhulupirika ili m'thumba. Anakwera lole ya ku Kazungula. Mlatho umene mukuudziwawu kunalibe, kunali pantuni, chibwato chachitsulo chimene chinkawolotsa anthu ndi magalimoto. Dzuwa lisanalowe anali atabwerera, atakhala pamwamba pa matumba a nsomba zouma, suti ikununkha ngati msika wonse wa Maramba.

Zimene zinachitika ndinazimva kwa dalaivala. Kutsidyako, m'malo mongoti abwera kudzacheza, a Tembo ananena monyadira kuti abwera kudzagwira ntchito. Anawafunsa kuti wawaitana ndani. Iwo anatulutsa kalata ija. Wa pachipata anaiwerenga mwaulemu mpaka pansi, anaipinda, n'kuwabwezera, n'kuwauza kuti chipanicho chikuoneka chabwino, koma kumeneko chilibe nthambi. Kwa anansi a Tembo ananena kuti mapepala awo akukonzedwa ku likulu. Anthu anavomera ndi mitu, tambala anali atadya kale.

Ine ndinayamba zanga. Wojambula zithunzi anandiletsa kumwetulira, anandivulitsa duku, ndipo ndinatuluka pachithunzipo ngati wakuba mbuzi. Kuchipatala kojambula chifuwa makina anali atafa, anandiuza kuti ndibwere mawa. Ana inu, mawa wa masiku amenewo anali nyama yaitali mchira, ukamugwira apa amapezeka ali uko. Kwa apolisi anandidinda zala zonse ndi inki yakuda, ndipo ndinayenda wapansi kubwerera ku Dambwa manja ali bii, kunyumba kulibe sopo. Amayi a pampopi anaona. Pofika madzulo mbiri inali itamveka kuti mai Tembo agwidwa akuba nsalu, ndipo wina analumbira kuti anaona ndi maso ake mpukutu wonse pansi pa bedi langa. Akanauonadi, bwenzi atabwera kudzapempha.

Ku ofesi ina ya m'tauni ndi kumene anandiuza ziwiri zotsala. Choyamba, kalata ya tcheyamani wa dera lathu yotsimikiza kuti amandidziwa. Chachiwiri, popeza ndinali mkazi wapabanja, siginecha ya mwamuna wanga yondilola kutuluka m'dziko. Mayi wa ana anayi, woveka masukulu a tauni yonse, pamaso pa pepala ndinali mwana wofunika kumutsanzikira.

Tcheyamani wathu anali ba Sitali. Nthawi imene tauni yonse inali kuboola malamba mabowo atsopano, iwo ankamasula lawo. Pakhomo pawo pankanunkhira zokazinga, ndipo ana a anansi ankadutsapo dala kuti angonunkhiza. Anandisiya chiimire padzuwa, iwo ali pampando wa ndalema pamthunzi.

“Manje imwe ba mai Tembo,” anatero, “dziko yakupasani ufulu, yakuphunzisani nchito, lelo mufuna kuithaba? Ngati bonse bayenda, azamanga dziko ni ndani?”

Chitseko cha chipinda chawo chinali chotsegula pang'ono, ndipo ndinaona matumba a ufa ataunjikidwa mpaka kudenga. Mumtima ndinati dziko likumangidwadi, njerwa zake ndi zimenezo. Pakamwa ndinati ndamva, atate. Anati aganiza, koma ndiyambe ndasonyeza kuti ndimakonda dziko langa. Amayi a chipani ovina ku bwalo la ndege analibe madiresi ofanana. Ndinawasoka onsewo ndi makina anga opukusa ndi dzanja, ndipo ndinakavina nawo, m'mimba mukulira, kulandira mlendo wina amene anatidutsa pa galimoto mawindo ali chitsekere. Mpaka lero sindidziwa kuti tinkavinira ndani.

Nditabwerera kwa ba Sitali anandiuza kuti chidindo chasochera. Ulendo wina anati inki yauma. Ulendo wotsatira anatsitsa mawu, n'kunena kuti mkazi wowoloka mtsinje yekha aliyense amadziwa chimene amakagulitsa, ndipo ngati ndatsimikiza kukakhala wopatsa kutsidya, kupatsako kuyambire kwathu konkuno. Iwe Mwaka usagwire pakamwa, ndiwe wamkulu, ndipo anthu otere sanathe, angosintha mipando. Ine ndinamanga chitenje changa n'kuchoka osatsanzika. Panjira ndinkaona kuti Francistown yathera pomwepo.

M'mawa mwake kunabwera akazi awo a ba Sitali, mayi wamtali wosalankhulalankhula amene sitinkacheza n'komwe. Anakana mpando. Anatulutsa kalata pachifuwa, yosainidwa, chidindo chili pomwepo chofiira. Anandiuza kuti dzulo anali kuseri kwa chitseko, ndipo chidindocho sichinasocherepo, chimakhala m'kabati mwawo pamodzi ndi masupuni. Siginecha inali ya amuna awo ndithu, anasaina mayiyo atawaimirira kumutu. Anangondipempha chinthu chimodzi, bulangete lochindikala la ku Botswana, lokhala ndi kambuku. Mwa anthu onse a chipani amene ndinakumana nawo, mayi ameneyu yekha ndiye ananena poyera chimene ankafuna.

Linatsala dzanja la ambuye anu. Munthu wa zolembera zonse zija, tsiku limenelo cholembera analibe. Anati anthu adzati chiyani, mwamuna wabwezedwa pachipata, mkazi wawoloka. Ndinawauza kuti anthuwo akunena kale, ndipo palibe mmodzi mwa iwo wabwera ndi kambale ka ufa. Anakwiya, n'kuitanitsa akulu awo a Yotamu kuchokera ku Lusaka kuti adzaweruze.

A Yotamu anafika ndi chipewa, ndodo ndi njala. Anakhala nafe mpaka kaufa kamene ndinkasungira ana kanatha, kenako anatiitanira pansi pa mtengo wa mango. Anati chiyambire makolo, wopita ku Joni ndi ku Halale ndi mwamuna, mkazi amatsala kusunga moto. Anati ndikangoponda pantuni ndekha, ukwati wathera pomwepo, ndipo ana ndisawerengere. Paja a Tembo anali Angoni a ku Chipata, ng'ombe zinaperekedwa kwathu, ana anali awo. Apa sindinaseke. Zonse zija za tayi ndi nsomba zouma zinali zoseketsa, koma izi zinandilowa m'mafupa. Ndinawafunsa kuti, alamu, ana amene mukuti ndi anuwa adya chiyani mawa? Anati zimenezo ndi nkhani za kukhitchini, iwo abwerera za mwambo.

Masiku omwewo Esnati anagwa kusukulu ali pamzere woimba nyimbo ya fuko. Aphunzitsi anati ndi malungo. Ine ndinadziwa dzina la malungo amenewo. Namakau nayenso anatumiza uthenga kudzera kwa dalaivala wa lole kuti bwana sangadikire mpaka kalekale, pali mwamuna wina wa dziko lina amene ali wokonzeka. Anawonjeza kuti ndingosaina ndekha, adziwa ndani. Ndinakana, osati chifukwa cha chiyero ayi. Ndinkafuna a Tembo asaine ndi dzanja lawo, maso ali chipenyere, kuti tsiku lina asadzanene kuti ndinathawa.

Ndiye ndinawauza onse awiri kuti popeza nyumba ino ili ndi olamula awiri, mawa pamzere wa ufa akaime wolamula, ine miyendo yatupa. A Yotamu anakumbukira pomwepo kuti ku Lusaka asiyako nkhani yofulumira, ndipo anakwera sitima ya m'mawa. A Tembo anaseka. Anati kwa mlembi wa nthambi imeneyo si ntchito, ndipo akazi timakonda kukuza zinthu. Anasamba mosafulumira, anamanga tayi, ananyamuka dzuwa litakwera.

Zinazi ndinazimva kwa amayi amene analipo, ndipo aliyense ankathirako mchere wake, koma mutu wake ndi umodzi. Anapeza mzere utazungulira sitolo mpaka kumsewu wachiwiri. Iwo anangolunjika kutsogolo, khadi lili m'mwamba. Pakhomo panali achinyamata a chipani ndi zikoti, ndipo sanali a ku Dambwa, sankawadziwa. Mmodzi anawagwira tayi yemweyo n'kuwakoka ngati mbuzi ya pamsika. Nthawi imeneyo a Tembo anaona ba Sitali akutuluka kukhomo la kuseri, anthu akuwakwezera matumba m'galimoto. Anawaitana ndi dzina, kawiri. Ba Sitali anawayang'ana mmene munthu amayang'anira mtengo, n'kulowa m'galimoto. Chitseko cha sitolo chitatsegulidwa khamu linakankhana, ambuye anu anagwera mu ngalande, anthu anawaponda. Mayi wina wogulitsa masau ndiye anawadzutsa, anawasansa fumbi, n'kuwalozera ndi chala.

“Ba tata, kumbuyo.”

Ndipo anapita kumbuyo. Pa ichi chokha ndimawapatsa ulemu mpaka lero. Akanatha kubwera kunyumba ndi nkhani ina ya ku likulu, koma anakaima kumapeto kwa mzere, pakati pa amayi obereka ana, nsapato imodzi itatayika, mpaka dzuwa lili paliwombo pamene analengeza kuti ufa watha.

Anafika kunyumba mlomo utatupa. Ana onse anali pakhonde, ndipo palibe anayang'ana nkhope yawo, onse ankayang'ana manja. Tiyanjane anayenda chadzandidzandi kukasuzumira kumbuyo kwawo, poganiza kuti abisa kanthu mmene ankachitira kale ndi masiwiti. Anakhala pansi, osati pampando, pansi penipeni. Ndinawapatsa madzi. Atamwa anandifunsa.

“Amake Esnati, tsiku lililonse zimakhala chonchi?”

“Lero kunali bwino,” ndinatero. “Sikunagwe mvula.”

Anaitanitsa pepala lija. Anayesa zolembera zawo chimodzichimodzi mpaka anapeza cholemba, ndipo anasaina siginecha yawo yaitali ija yokhala ndi mchira wopindika. Koma Tembo ndi Tembo. Asanandipatse anati pali mfundo imodzi: anthu auzidwe kuti iwo ndiwo andituma kuti ndikakonze malo, iwo abwera pambuyo. Ndinavomera msanga. Pa zinthu zonse zosowa m'tauni muno, ulemu wa mwamuna wokha ndi umene ndikanatha kuupereka osaima pamzere.

Musaganize kuti ndinanyamuka mawa lake. Pasipoti inachedwa ku Lusaka, mapepala anapita ku Francistown ndi dalaivala uja, kumeneko anakhalanso pa tebulo la wina. Mvula inatha, udzu unauma, kunayamba kuzizira. Umboni wa dokotala unatha mphamvu ndili chidikirire, ndinakajambulitsanso chifuwa chomwecho. Usiku ndi usana ndinkaopa kuti mwamuna wa dziko lina uja watenga malo anga. Amayi a pampopi anasiya za kuba nsalu, anayamba kunditchula dzina lina limene sindinena pamaso pa ana. Koma itangomveka mbiri yoti pemiti yatuluka, omwewo anayamba kubwera mmodzimmodzi, mozemba, aliyense ndi pempho lake. Uyu sopo, uyu mafuta odzola, uyu nsapato za mwana, ataiyeza kale phazi ndi kachingwe. Pemitiyo ndinkaganiza kuti idzakhala chinthu chachikulu chokhala ndi riboni. Kanali kapepala kosakwana chikhato, dzina langa atalilemba molakwika.

Ndinawoloka Kazungula m'mawa wozizira, sizasi yanga nditaikulunga m'chitenje pansi pa chikwama. Pantuni inkanjenjemera pansi pa mapazi, madzi ali mbali zonse, ndipo mkaka umene ndinkati unauma kalekale ndinaumva ukubaya m'mawere. Kutsidya anandifunsa kuti wandiitana ndani. Ndinatchula dzina, ndinapereka kapepala, chidindo chinagwa. Zonse zija za miyezi yambirimbiri zinathera m'kamphindi kosakwana kumeza malovu.

Za ku Francistown ndi nkhani yaitali, koma ndikuuzeni ichi, makamaka inu amene maso ali kunja. Pemiti si ufulu, ndi chingwe chachitali. Imakumangirira kwa bwana mmodzi ngati mbuzi pachikhomo, ndipo bwanayo amadziwa. Wathu ankamwetulira bwino, nyama tinkadya, ufa unali woyera, koma ukangotsegula pakamwa za maola ogwirira ntchito ankakukumbutsa mokoma kuti pemiti yako yatsala pang'ono kutha ndipo wolemba kalata yoiwonjezera ndi iye. Mapasipoti athu ankawasunga mu ofesi mwake, akuti kuopa akuba. Ndikapempha kupita kwathu, nthawi zonse pasipoti inali kwa a boma, ikubwera. Ndinkagona m'kachipinda kamodzi ndi Namakau, mphepo ikulowa pansi pa chitseko, eni dziko ena akutiyang'ana ngati tabwera kudzawadyera. Chikomekome cha mkuyu, ana inu. Komabe malole ankapita ku Livingstone, ndipo lililonse linkanyamula katundu wanga: ufa, mafuta, sopo, nsapato, ndi bulangete la kambuku lija. Esnati sanagwenso kusukulu.

Kuno ambuye anu anawachotsa ulembi wa nthambi, akuti munthu amene mkazi wake wathawa dziko sangasunge mabuku a chipani. Amuna anzawo anayamba kuwaitana ba mai Tembo, chifukwa ankawaona akuchapa matewera pampopi ndi kusankha kapenta ku Maramba. Nkhani yoti abwera pambuyo inafa yokha, palibe anaifunsanso. A Yotamu, amwambo aja, anatumiza uthenga wofunsa ngati mlamu wawo wokondedwa angawapezereko jekete la ubweya, popeza ku Lusaka kukuzizira. Sindinawatumizire.

Ndinabwerera mango atapsa kachiwiri chichokereni, bwana atandipatsa pasipoti yanga ndi tchuthi chachifupi. Ndinatsika lole m'tauni, ndinalowa m'Dambwa katundu ali pamutu ndi m'manja, mchenga ukudzaza nsapato. Ana atatu aakulu anandiona ndili patali, anathamanga, anandigwetsera katundu pansi. Pakhonde ndinapeza a Tembo atakhala pa kampando, Tiyanjane ali pakati pa maondo awo, akumuluka tsitsi ndi ulusi wakuda, chipeso chili pakamwa. Mizere yake inali yokhotakhota ngati njira za mbuzi, koma mwanayo anali wonenepa, woyera, atavala diresi limene ndinamusokera ndikungoyerekeza msinkhu wake, ndipo linamukwana.

Ndinagwada patsogolo pake, n'kutambasula manja. Anabisala kuseri kwa mwendo wa atate ake. Ndinatulutsa chidole chimene ndinamugulira, chotseka maso ukachigoneka. Anatuluka, anaomba m'manja mwaulemu mmene amachitira mwana wolangizidwa bwino kwa mlendo, analandira ndi manja awiri, n'kubwerera pamalo pake. Atate ake anamuuza kuti awa ndi amayi ako. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anayang'ana katundu yense uja, kenako anakoka thalauzi la atate ake.

“Ba tata, ba anti aba bazagona kuti?”

A Tembo anachotsa chipeso pakamwa. Anandiyang'ana, nkhope ili ya kalaliki weniweni.

“Tiona kaye mapepala awo,” anatero.

Aliyense anaseka, ngakhale anansi amene anali atadzaza kale pampanda, ndipo ine ndinaseka kuposa onse. Kenako ndinapita kuseri kwa nyumba ngati ndikukasamba fumbi la paulendo, ndinatsegula mpopi mwamphamvu kuti phokoso la madzi likwirire zina. Tchuthi chonsecho mwanayo ananditchula ba anti, ndipo tsiku limene anayamba kundilola kumusambitsa ndi limene lole yobwerera inabwera kudzanditenga.

Amayi akowo, Mwaka, mpaka lero akakwiya nane amanditchula ba anti. Dzukani tsopano, wina akanditenthetsere madzi a tiyi, pakhosi pauma.